Musanaone chitokosi: mawu a milandu amene tonse tiyenera kuwadziwa

A wapampando, a komiti, anzathu amene mwachokera ku Jenda, ku Embangweni ndi ku Manyamula, komanso nonse a kalabu ino, zikomo pondipatsa mpata uwu. Ndilankhula m'Chichewa poti mwati mawuwa aikidwa pa tsamba lathu la Facebook, kuti anzathu amene ali ku Lilongwe ndi ku Joni awerenge nawo. Wofuna kufunsa m'Chitumbuka afunse, tiyankhana bwinobwino.

Ndiyambe ndi nkhani ya msuweni wanga. Mnyamatayu anagula foni pamsika kwa munthu amene sankamudziwa. Mtengo wake unali wosakwana ndi theka lomwe la mtengo wa m'sitolo. Panalibe katoni kapena tchaja, ndipo m'katimo munali zithunzi za mayi wina wachilendo. Patatha masabata awiri apolisi anafika pakhomo. Iye anangoti, "Ine sindinabe." Ankanena zoona, koma sanamutengere kuba. Anamutengera kulandira katundu wobedwa. Abale anagulitsa mbuzi kuti "agule belo", osadziwa kuti belo ya kupolisi sagula. M'chitokosi wina anamuuza kuti akangovomera mlandu zinthu zitha msanga, ndiye kukhothi anavomera asanamvetse n'komwe zimene anamuwerengera. Kundende sanapite, koma dzina lake linalowa m'kaundula wa opezeka olakwa, moti lero akafunsira ntchito yofuna kalata ya kupolisi, mtima umagunda. Mbuzi ija ndi dzina lija zinapita chifukwa chosadziwa mawu ochepa chabe. Mawu amenewo ndi amene ndabwera nawo lero. Salowa m'malo mwa loya ayi, koma angakuthandizeni kudziwa nthawi yotseka pakamwa ndi nthawi yofunsa.

Choyamba, milandu ili m'magulu awiri. Pali milandu ya pakati pa munthu ndi mnzake, monga ngongole, malire a munda kapena kutha kwa banja. Pamenepa wodandaula amasuma yekha, ndipo khothi limalamula kubweza, kulipira chipepeso kapena kugawana katundu. Ndiye pali milandu yaupandu, monga kuba, kuvulaza munthu, kugwiririra ndi kupha. Pa milandu imeneyi wolakwiridwa si munthu mmodzi yekha, ndi dziko lonse, n'chifukwa chake amene amazenga mlandu ndi boma, ndipo mathero ake ndi chilango.

Kusiyana kumeneku kuli ndi ntchito. Mnzanu wakubwerekani K80,000 ya ulendo wa ku Joni, wabwerako koma sakubweza. Imeneyo ndi ngongole, si nkhani yoti munthu agonere m'chitokosi. Koma wina akakunamizani kuti ali ndi galimoto yopita ku Johannesburg, inu n'kumupatsa ndalama, chikhalirecho galimoto alibe, umenewo ndi mlandu waupandu wopeza ndalama mwachinyengo. Chinanso n'chakuti pa mlandu waupandu wodandaula amakhala mboni ya boma. Sangadzuke m'mawa n'kunena kuti "ndauthetsa". Milandu ing'onoing'ono, monga kukankhana pa mpira, khothi limatha kulola kuti anthu agwirizane. Koma mlandu wogona ndi mwana sutha ndi ng'ombe pabwalo la mfumu. Mafumu athu tiwalemekeze, amatithandiza kwambiri pa nkhani za malo ndi za m'mabanja, koma milandu yaupandu malo ake ndi kukhothi.

Chachiwiri, kodi mlandu waupandu umapangidwa ndi chiyani? Ganizani za mafuwa atatu. Fuwa limodzi likasowa, mphika sukhala.

Fuwa loyamba ndi lamulo lolembedwa. Munthu sangalangidwe pa chinthu chimene sichinali mlandu tsiku limene anachichita. Buku lalikulu la milandu ndi zilango zake limatchedwa Penal Code, linayamba kugwira ntchito mu 1930, nthawi ya atsamunda, ndipo lakhala likusinthidwa ndi Nyumba ya Malamulo. Koma milandu ina ili m'malamulo ena. Kuotcha makala ku Perekezi kapena ku Chikangawa popanda chilolezo kuli m'lamulo la nkhalango. Kuzunza munthu pa WhatsApp kapena pa Facebook kuli m'lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti. Za chamba samalani. Lamulo la 2020 linangololeza anthu a ziphaso kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, koma ndudu ya m'thumba mwanu ikadali mlandu. Komanso kuloza gogo kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la 1911, lomwe likugwirabe ntchito mpaka lero.

Fuwa lachiwiri ndi chochita. Kuganiza zoipa mumtima si mlandu. Mukhoza kusirira njinga yamoto ya mnzanu chaka chonse, palibe angakumangeni. Koma mukayamba kuthyola loko, ngakhale akupezeni musanaitulutse, mwapalamula kale, chifukwa kuyesa kupalamula mlandu nakonso ndi mlandu.

Fuwa lachitatu ndi maganizo. Khothi limafunsa kuti munthuyu ankafuna chiyani, ndipo ankadziwa chiyani. Mukatenga njinga ya wina pamsika poyesa kuti ndi yanu chifukwa zikufanana, simunabe, poti cholinga cholanda mwini wake panalibe. Pa imfa ya munthu, maganizo ndi amene amasiyanitsa kupha mwadala, komwe kuli mu gawo 209, ndi kupha mosakonzekera, komwe kuli mu gawo 208. Munthu wafa ndithu pa milandu yonse iwiri, koma zilango zimasiyana kutali. Msuweni wanga uja anagwera pa fuwa limeneli. Lamulo silifunsa zokhazo zimene unkadziwa, limafunsanso ngati panali chifukwa chokwanira choti ukhulupirire kuti katunduyo ndi wobedwa. Foni yotchipa mopitirira muyeso, yopanda lisiti, yokhala ndi zithunzi za eni ake, imadzinenera yokha. Dziwaninso kuti pali milandu ina, makamaka ya pamsewu, imene boma silivutika kuonetsa cholinga. Kuyendetsa popanda laisensi ndi mlandu basi, kaya unali ndi mtima wabwino.

Chachitatu ndi chimene chimamangitsa anyamata ambiri: "Ine ndinangoperekeza." Gawo 21 la Penal Code limati wochita, womuthandiza ndi womutuma, onse ali ndi mlandu umodzi. Amene anaima pamphambano kuyang'ana ngati kukubwera anthu ndi wakuba chimodzimodzi ndi amene analowa m'khola. Wakabaza amene wanyamula katundu usiku akudziwa kuti ndi wobedwa sangabisale kumbuyo kwa mawu oti ndinali pa ntchito. Gawo 22 limapitirira pamenepo. Mukagwirizana kuchita chinthu chosaloledwa, ndiye pochita chinthucho pachitika mlandu wina umene aliyense akanauyembekezera, nonse mwausenza. Mwapita anayi kukaba ng'ombe, mmodzi watenga chikwanje, mwini khola wadzuka n'kukhapidwa mpaka kufa. Mlandu wakupha ukhoza kugwera anayi nonse. Ndipo kuno kwathu kwa ng'ombe mudziwe kuti kuba wamba chilango chake chimafika zaka 5, koma kuba ziweto chimafika zaka 14.

Tsopano tione zodzitetezera, chifukwa zina zimagwira ntchito kukhothi pomwe zina zimangomveka bwino pa bawo. "Sindinkadziwa kuti ndi mlandu" sikupulumutsa munthu, gawo 7 linatseka kale khomo limenelo. "Ndinaledzera" nakonso sikuchotsa mlandu ngati munamwa mwa kufuna kwanu. "Ndimadziteteza" kumamveka, koma mphamvu imene mwagwiritsa ntchito ikhale yolingana ndi choopsa chimene chinalipo. Munthu wakumenyani khofi, wayamba kuthawa, inu n'kumuthamangitsa ndi mpeni, pamenepo simukudziteteza, mukubwezera. Matenda a misala amaganiziridwa, koma pamafunika umboni wa achipatala. Za msinkhu zili mu gawo 14. Mwana wosakwana zaka 10 sangakhale ndi mlandu waupandu, ndipo wosakwana zaka 14 amakhala nawo pokhapokha boma litaonetsa kuti ankazindikira kuti zimene akuchitazo n'zolakwika. Ana olakwira lamulo ali ndi ndondomeko yawoyawo pansi pa lamulo la ana la 2010, ndipo sayenera kutsekeredwa pamodzi ndi akuluakulu.

Anyamata, apa ndiye mutchere khutu. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Kugona ndi mwana ndi mlandu umene chilango chake chimafika pa kukhala m'ndende moyo wonse. "Anavomera yekha", "makolo ake akudziwa", "ndimafuna kumukwatira", zonsezi sizitsegula chitseko cha ndende. Wabwera kuchokera ku Joni ndi ndalama ndi foni yapamwamba, n'kumazungulira pa geti ya sekondale, akusewera ndi moyo wake komanso wa mwanayo.

Tifike pa kumangidwa. Munthu amene apolisi amugwira ndi woganiziridwa. Akamuwerengera mlandu kukhothi ndi wozengedwa mlandu. Amakhala wolakwa pokhapokha khothi litagamula. Mawu atatuwa musamawasakanize, makamaka polemba pa Facebook. Kuika chithunzi cha munthu n'kulemba kuti "mbava iyi" khothi lisanagamule kukhoza kukubwererani inuyo.

Ufulu wa munthu womangidwa uli mu gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994. Muuzidwe chifukwa chimene akumangirani, m'chilankhulo chimene mukumva. Ngati Chitumbuka ndiye chimene mumamva bwino, nenani, ndipo kukhothi kumakhala womasulira. Muli ndi ufulu wokhala chete, ndipo palibe ayenera kukukakamizani kuvomera mlandu. Perekani dzina lanu ndi kumene mumakhala, musalimbane ndi wapolisi, musathawe, chifukwa zimenezo zimabala mlandu wina pamwamba pa woyamba. Koma sitetimenti musasainire musanaiwerenge kapena asanakuwerengereni. Muli ndi ufulu wolankhula ndi loya komanso woonana ndi achibale. Ndipo mufikitsidwe kukhothi pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa tsiku limene khothi siligwira ntchito, mupite tsiku loyamba limene khothi latsegula. N'chifukwa chake womangidwa Lachisanu madzulo nthawi zambiri amaonekera Lolemba. Kupitirira pamenepo popanda kuonekera kukhothi ndi kuphwanya lamulo.

Belo ndi kutulutsidwa podikira mlandu, si kutha kwa mlandu. Ambiri amati akatuluka pa belo basi zatha, osapitanso kukhothi, kenako amadabwa atabwera kudzawatenga ndi chikalata cha khothi. Mlandu suwola. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndibwereze, ndi yaulere. Wina akakuuzani kuti mupereke kenakake, akukupemphani ziphuphu, ndipo wopereka ndi wolandira onse ali ndi mlandu. Belo ya kukhothi imatha kukhala ndi ndalama ya chikole, koma imeneyo imalipidwa ku ofesi ya khothi ndipo mumalandira lisiti. Imathanso kufuna anthu okuikirani kumbuyo, olonjeza kuti mudzabwera pa tsiku la mlandu. Musavomere kuikira kumbuyo munthu amene mukudziwa kuti chikwama cha ku Joni wamanga kale, chifukwa akathawa ndalama imene munalonjeza idzatuluka m'thumba mwanu.

Khothi likakana belo, munthu amapita pa rimandi, kutanthauza kusungidwa kundende podikira mlandu. Wa pa rimandi si mkaidi wogamulidwa. Lamulo la kazengedwe ka milandu, monga linasinthidwira mu 2010, linaika malire: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti mlandu usanayambe, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha. Khothi likhoza kuwonjezera pang'ono boma likapempha, koma si zoti munthu aiwalike. Ngati muli ndi m'bale ku ndende ya Mzimba amene wakhala miyezi osaonekera kukhothi, musangoti ndi tsoka. Pitani mukafunse.

Kukhothi zimayenda chonchi. Milandu yambiri imayambira ndi kuthera kwa majisitireti, monga pa Boma pano. Milandu yakupha imazengedwa ku khothi lalikulu, lomwe kuchigawo chino lili ku Mzuzu. Amakuwerengerani mlandu n'kukufunsani ngati mukuvomera kapena mukukana. Ngati simunamve, nenani kuti abwereze. Kukana mlandu si mwano, ndipo si bodza. Ndi kuuza boma kuti libweretse umboni. Paja ntchito yotsimikiza mlandu ndi ya boma, si ya inu kutsimikiza kuti ndinu wosalakwa, ndipo umboniwo ukhale wosasiya chikaiko chomveka. Mboni iliyonse ya boma muli ndi ufulu woifunsa mafunso. Boma likamaliza, khothi limaona ngati muli ndi mlandu woti muyankhe. Ngati palibe, nkhani imathera pomwepo.

Chitsanzo chili m'boma lathu lomwe lino. Mu Okutobala 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga munapezeka mitembo pafupifupi 30 ya anthu amene ankaganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia. Dziko lonse linagwidwa nthumanzi, anthu anamangidwa, ndipo ambiri a ife tinagamula kale m'mitima mwathu. Koma mu 2024 khothi lalikulu ku Mzuzu linamasula ozengedwawo ponena kuti umboni umene boma linabweretsa sunali wokwanira. Ena zinawapweteka, ndipo n'zomveka, chifukwa anthu aja anafa ndithu. Koma phunziro ndi lakuti khothi siliyendera mkwiyo wa anthu kapena zolembedwa pa Facebook, limayendera umboni. Ndipo inu a kabaza ndi a matola, wina akakupatsani ndalama zambiri kuti mudutsitse alendo njira zachidule pozemba rodibuloko ya pa Jenda, kumbukirani Mtangatanga, kumbukiraninso kuti kuyambira 2015 tili ndi lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu.

Mukapezeka wolakwa, khothi limakupatsani mpata wodandaula chilango chisanaperekedwe. Pamenepo ndi ponena kuti ndi koyamba kupalamula, ndinu wamng'ono, muli pa sukulu, katundu anabwezedwa. Zaka zimene zalembedwa m'lamulo ndi malire a pamwamba, si kuti aliyense amalandira zomwezo. Chilango chikhoza kukhala chindapusa, kugwira ntchito zothandiza anthu osalipidwa, chilango choimikidwa chimene chimadikira kuti mupalamulenso, kapena ukaidi wakalavulagaga. Ngati simukukhutira ndi chigamulo kapena chilango, muli ndi ufulu wochita apilo ku khothi lalikulu, ndipo pamwamba pake pali khothi la Supreme. Apilo ili ndi masiku ake owerengeka, ndiye musagone nayo.

Mwina wina akuti, bwanji malamulo akuteteza chonchi anthu oganiziridwa? Funsani agogo anu za nthawi ya chipani chimodzi. Mu 1983 a Orton Chirwa, amene anali nduna ya zachilungamo dziko lino litangoyamba kudzilamulira, ndi akazi awo a Vera Chirwa, anazengedwa mlandu woukira boma ku khothi la makolo, komwe loya sankaloledwa kuimira munthu. Anagamulidwa kuti aphedwe, kenako chilango chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, ndipo a Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Gawo 42 linalembedwa ndi anthu amene anaona zimenezo ndi maso awo.

Ndipo ufuluwu si wa anthu otchuka okha. Mu 2015 a Mayeso Gwanda, ogulitsa majumbo ku Blantyre, anamangidwa m'bandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa malonda awo. Anati ndi vakabu. Iwo sanangovomera kuti zithe, nkhani inafika ku khothi lalikulu, ndipo pa 10 Januwale 2017 khothi linagamula kuti gawo 184(1)(c), limene linkamangitsa munthu chifukwa chongopezeka pamalo pa nthawi yokayikitsa, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Wogulitsa majumbo anasinthitsa lamulo la atsamunda. Chimodzimodzi mu 2007, pa mlandu wa a Francis Kafantayeni ndi anzawo, khothi linati si zoona kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingogamulidwa kuphedwa popanda woweruza kumva kaye mmene zinthu zinakhalira.

Ndimalize ndi nkhani imene imatichititsa manyazi. Wina akakuwa kuti "wakuba!" pamsika, timathamanga ndi miyala. Palibe amafunsa za mafuwa atatu aja, palibe mboni, palibe apilo. Lamulo limalola munthu wamba kugwira wakuba amene wamupeza akuba, koma azimupereka kupolisi mosachedwa. Kumumenya ndi mlandu, ndipo akafa ndi mlandu wakupha kwa aliyense amene anaponya mwala, monga tanenera pa gawo 21 ndi 22. Masiku ano mafoni amajambula, nkhope yanu idzaoneka. Komanso amene akumenyedwayo mwina ndi ngati msuweni wanga uja, wongogula foni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mukasowa pogwira, thandizo lilipo. Legal Aid Bureau ndi ofesi ya boma yopereka maloya kwa anthu osowa, ndipo ku Mzuzu ilipo. A PASI amayendera ndende ndi zitokosi kuthandiza anthu kumvetsa milandu yawo. Wochitiridwa nkhanza apite ku Victim Support Unit ya kupolisi. Ngati wapolisi wakumenyani kapena wakuzunzani, pali Independent Complaints Commission yolandira madandaulo otere, komanso bungwe la Malawi Human Rights Commission.

Pempho langa kwa a komiti ndi ili. Tilembe papepala limodzi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, zinthu zinayi: maola 48, belo ya kupolisi ndi yaulere, usasainire chimene sunamve, usavomere mlandu umene sunaumvetse. Tikamate pa siteji ya kabaza ndi pa bwalo la mpira. Aliyense wa ife akafotokozereko anthu awiri kunyumba sabata ino. Safunsa anadya phula, ndiye amene ali ndi funso aimike dzanja, ndipo amene mukuwerenga pa tsamba lembani mafunso anu m'munsimu, tidzawayankha pa msonkhano wotsatira.